Mukamadula zitsulo kapena kupakira lole, yambani ndi zazikulu

Kuseri kwa shedi ya malume anga ku Ulongwe kuli mulu wa tizidutswa ta zitsulo, tina kutalika ngati chikhato tina ngati mkono, dzimbiri lokhalokha, ndipo aliyense amene wagulapo chitsulo cha mamita 6 masiku ano akudziwa kuti mulu umenewo ndi mametikali ogona pansi. Malumewo amawotcherera mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, ngolo ikathyoka imabweranso pompo. Luso ali nalo, zimenezo sinditsutsa. Koma kadulidwe kawo kanali koti atenga pepala la miyezo, ayamba ndi tating'ono chifukwa eti sitivuta, akamafika pa zazitali ndiye kuti zitsulo zonse zaluma kale, nde amatuma mwana ndi njinga kukagula china.

Ine ndinachita za makompyuta ku Tete, ndipo tsiku lomwe tinkaphunzira chinthu china chomwe amati bin packing ndinangoseka ndekha mkalasi chifukwa ndimaona mulu wa malume uja. Funso lake ndi ili basi: muli ndi zinthu zosiyana kukula, muli ndi zotengera zofanana, mulongedze bwanji kuti zotengera zikhale zochepa. Chotengeracho chitha kukhala chitsulo cha mamita 6, thabwa, nsalu ya telala, ulendo umodzi wa lole, olo sabata yantchito. Masamu ake ndi amodzi. Nde ndati ndilembe mmene ndimapangira, pa pepala ndi cholembera, kompyuta ibwera kumapeto kwa amene akuifuna.

Choyamba musanagwire galayinda, lembani zidutswa zonse zomwe ntchitoyo ikufuna, zonse ndithu osati za geti lokha kenako za mawindo mawa. Tiyerekeze kuti mwalemba izi, mu masentimita: 340 ziwiri, 240 ziwiri, 190 zitatu, 140 ziwiri, 90 zitatu. Phatikizani zonse, zikukupatsani 2280. Gawani ndi 600, mupeza 3.8. Nambala imeneyi ndiyofunika kuposa mmene ikuonekera, ikukuuzani kuti olo mutaitana pulofesa wochokera kuti, zitsulo zitatu sizingakwane, zochepetsetsa ndi 4. Ndiye mukadula n'kupezeka kuti zalowa mu 4, siyani kuganiza, palibe angakuposeni. Anthu ambiri sawerengera kaye chimenechi, amangovutika kusunthasuntha osadziwa kuti anafika kale pomwe pathera njira, kapena amakhutira ndi 6 pomwe 4 ikanatheka.

Tsopano onani kadulidwe ka malume. Atatu a 90 ndi awiri a 140 alowa mu chitsulo choyamba, 550. Atatu a 190 chachiwiri, 570. Awiri a 240 chachitatu, 480, patsala 120 yopanda ntchito. Kenako 340 yoyamba itenga chachinayi, ndipo 340 inayo siingalowe pomwepo chifukwa 680 yapitirira 600, basi chachisanu. Zitsulo 5, komanso mwatsala ndi zidutswa ziwiri za 260 zoti zikagone kuseri kwa shedi.

Njira inayo ndi iyi. Sanjani zidutswa kuyambira chachitali kutsika mpaka chachifupi. Tengani chimodzichimodzi, ndipo chilichonse muchiyese kaye pa chitsulo choyamba, chikakana pa chachiwiri, chikakana pa chachitatu, chatsopano muyambe pokhapokha zonse zakale zakana. Ndiye 340 ipita pa choyamba, 340 inayo pa chachiwiri. 240 mubwerera nayo pa choyamba, yalowa, 580. 240 inayo pa chachiwiri, 580. Ma 190 atatu akana konseko nde atsegula chachitatu, 570. Ma 140 awiri atsegula chachinayi, ma 90 atatu mukawayesa mmbuyomo palibe malo, alowa pa chachinayi chomwecho, 550. Zitsulo 4, ndendende ndi nambala tinapeza poyamba ija. Pamene anthu amaphonya ndi pobwerera mmbuyopo, amasanja bwinobwino koma akangoyamba chitsulo chachiwiri choyamba chija amachiiwala ngati chatha, chonsecho mipata yotsala ija ndiyomwe tating'ono tikufuna. Chifukwa chake zimatheka n'chosavuta: chachikulu chimasankha malo, chaching'ono chimalowa paliponse, nde wovutayo mumupatse malo kaye mipata ikadali yambiri.

Musaiwale kuti disiki imadya chitsulo, mamilimita awiri kapena atatu malinga ndi disikiyo, nde ngati masamu anu akuti zidutswa zikwana 600 ndendende dziwani kuti chomaliza chiperewera. Ine ndimangoonjezera theka la sentimita pa chidutswa chilichonse ndisanayambe kuwerengera. Komanso yezani chitsulocho ndi tepi, osangokhulupirira kuti ndi mamita 6 chifukwa wogulitsa watero, ndipo kumapeto kukakhala kopindika kapena kophwanyika chotsanipo.

Njira imeneyi ili ndi dzina, amati First Fit Decreasing, ndipo munthu amene anaifufuza mpaka pansi ndi David Johnson wa ku America. Anabadwa mu 1945, digiri yake yaukachenjede anaitenga ku yunivesite ya MIT mu 1973 ndipo nkhani yake yonse inali yomweyi ya kulongedza. Chomwe anapeza n'chakuti njira yachidule imeneyi singakutayitseni kwambiri: olo zinthu zitasankhidwa mwadala kuti zikusokonezeni, simudzapitirira pafupifupi 11 pa 9 iliyonse ya yankho labwino koposa. Mwachichewa chake, ngati katswiri weniweni akanadula mu zitsulo 9, inuyo zikavutitsitsa mudula mu 11, ngati ndi 90 inu 110, ndipo zimenezo ndi pa tsiku loipa, masiku ambiri mumafanana naye kapena kusiyana ndi chimodzi. Johnson anatsimikiza ndi kachidutswa koonjezera ka zitsulo 4 pamwamba pa 11 pa 9 ija, kenako György Dósa wa ku Hungary mu 2007 ndi amene anakachepetsa mpaka 6/9 n'kuonetsa kuti pamenepo ndiye pamapeto. Zaka 34 anthu akulimbana ndi kanambala kamodzi, ine zimandisangalatsa zimenezo. Mukapanda kusanja, kungotenga zinthu mmene zikubwerera n'kumayesa mmbuyo, pomwe katswiri akanadula 10 inu mutha kufika 17. Nde kusanja kokhako, ntchito ya mphindi zisanu, ndi kumene kuli ndalama.

Johnson ntchito yake anagwira ku Bell Labs kuyambira 1973, kampani ya matelefoni ya AT&T ikufuna anthu oterewa chifukwa mawaya ndi makina nazonso ndi zotengera zoti zidzaze bwino. Kuyambira 1988 mpaka 2013 amatsogolera gulu lofufuza za ma algorithm ndi optimization, ndiye kuti njira zowerengera ndi kusaka yankho labwino koposa, ku kampani yomweyo, kenako anapita ku Columbia University, anamwalira mu 2016. Mu 1979 iye ndi mnzake Michael Garey analemba buku losonkhanitsa mazana a mavuto amtundu womwewu, omwe mpaka lero palibe wapeza njira yachangu yopezera yankho lenileni nthawi zonse. Mu 2010 anamupatsa Knuth Prize, mphoto ya akatswiri a sayansi ya makompyuta. Chomwe ndimamukondera ine n'chakuti sanali munthu wa pa bolodi pokha, mu 1990 anayambitsa mipikisano ya DIMACS, malo ofufuzira masamu a makompyuta ku America, yoti anthu alembe mapulogalamu ayesedwe pa mavuto enieni tione yothamanga ndi iti, osangolonjeza pa pepala.

Koma ndisakunamizeni kuti njirayi siphonya. Yesani izi: 250 ziwiri, 190 ziwiri, 150 ziwiri. Zonse pamodzi 1180, nde zitsulo ziwiri zikuoneka zotheka. Mukatsata lamulo lija, ma 250 awiri alowa pa choyamba, 500, patsala 100. Ma 190 awiri ndi 150 imodzi pa chachiwiri, 530. 150 yomaliza yasowa kolowa, mwagula chachitatu. Chonsecho 250 ndi 190 ndi 150 ndi 590, kawiri, zitsulo ziwiri zokwana bwinobwino. Apa ndi pomwe nambala yoyamba ija imakuthandizani, imakuuzani kuti pali fungo. Mukaona kuti chitsulo chomaliza chili ndi kachidutswa kamodzi kokha ndipo mipata ya mmbuyo mukaiphatikiza ikuposa kachidutswako, khalani pansi musinthanitse, chotsani chachikulu chimodzi pomwe pali mpata waukulu muyikepo ziwiri zocheperapo. Mphindi khumi zikakwana osapeza, gulani chinacho muzipita, tsiku lanu nalonso ndi ndalama.

Wina afunsa kuti bwanji osangouza kompyuta iyese njira zonse. Tawerengani. Mukhale ndi zinthu 10, chilichonse mutenge kapena musiye, njira zake ndi 1,024. Zinthu 20 ndi 1,048,576. Zinthu 30 zadutsa biliyoni. Chinthu chimodzi chikaonjezereka njira zimawirikiza kawiri, nde pa zinthu 60, kompyuta yoyesa njira biliyoni pa sekondi iliyonse imaliza patatha zaka 36. Geti la kasitomala lidikira zimenezo? Richard Karp mu 1972 anatulutsa mndandanda wa mavuto 21 omwe ndi pachibale, moti mutapeza njira yachangu ya limodzi ndiye mwamasula onse, ndipo lolongedza chikwama linali momwemo. Kuyambira 2000 Clay Mathematics Institute inaika madola 1 miliyoni kwa amene atsimikize ngati njira yachanguyo ilipo kapena kulibe, funso lomwe amati P ndi NP, ndalamayo ikadali pompo. Ndiye musadzione operewera mukalephera kupeza yankho langwiro pa pepala la simenti.

Tibwere ku lole tsopano, chifukwa ambiri kuno nkhani yawo ndi mbatatesi, nyemba, chimanga, kabichi, kuchoka ku Domue kapena Tsangano kutsikira ku Mussacama mpaka ku Moatize ndi Tete, makilomita opitirira 200 ndipo dizilo sakunyengererani. Ngati katundu ndi wanu nokha, matumba ofanana, palibe masamu apa, gawani basi. Mutu umayamba kuwawa katundu akakhala wa anthu osiyanasiyana ndipo aliyense akufuna wake apite limodzi osagawa, amayi awa matumba 35, bambo awo 20, wina 12 ndi njinga yamoto pamwamba. Ngati onse apite ndipo funso ndi maulendo angati, chitani chimodzimodzi ndi zitsulo zija, ulendo uliwonse ndi chitsulo chimodzi, wa katundu wambiri ayambe kupatsidwa malo, a tiwiri titatu adzatseke mipata kumapeto. Vuto lake n'loti a tiwiri titatuwo ndi amene amalawirira m'bandakucha ndipo amakhala achibale, nde pamafunika mtima wolimba kuwauza kuti dikirani kaye azakhali, malo anu alipo koma ndikuuzani madzulo.

Koma ulendo ukakhala umodzi wokha ndipo onse sangakwane, limenelo ndi funso lina, amati knapsack, kusankha zoti zilowe mchikwama chimodzi kuti phindu lichuluke. Apa kukula sikutsogolera, chotsogolera ndi ndalama pa kilo. Gawani zomwe munthu akulipira ndi kulemera kwa katundu wake, sanjani kuyambira wolipira bwino pa kilo kutsika. George Dantzig, katswiri wa masamu wa ku America, analemba za kasanjidwe kameneka mu 1957, ndipo katundu akakhala wogawika, woti mutha kutenga theka lake, palibe njira ina yoiposa. Akakhala wosagawika samalani. Tinene kuti mwatsala ndi malo a makilo 1000. Woyamba ali ndi makilo 600 akulipira mametikali 4200, ndiye 7 pa kilo. Ena awiri ali ndi makilo 500 aliyense, akulipira 3000 aliyense, 6 pa kilo. Mukathamangira wa 7 uja mwapeza 4200, patsala makilo 400 omwe palibe akulowapo, mwanyamula mpweya mpaka ku Tete. Awiri enawo akupatsani 6000. Nde mukamaliza kusanja yang'anani mpata wotsala, muuchulukitse ndi mtengo wa wotsatira, apa ndi 400 kuchulukitsa 6, 2400, imeneyo ndiyo ndalama yaikulu yomwe mungaonjezere mutasintha bwanji. Ikakhala yochepa nyamukani, ikakhala yambiri ngati iyi yesani kuchotsa wamkuluyo muone. Kapena mufunse mmodzi wa a 500 aja ngati angalole makilo 100 atsale, akavomera mwafika 6600, ndipo kukambirana koteroko kompyuta sikutha.

Lole imadzaza pawiri, makilo ndi malo, ndipo chimodzi chimatha chinzake chisanathe. Simenti thumba limodzi makilo 50, galimoto ikhala pansi bodi ikadali theka. Kabichi, madengu, matiresi, bodi idzaza mpaka kumwamba masipuling'i osamva kanthu. Nde dziwani kaye chomwe chikutha msanga pa ulendo umenewo n'kugawa ndalama ndi chimenecho, ngati ndi malo ndiye ndalama pa malo osati pa kilo, ndipo ulendo wokoma ndi wosakaniza, zolemera pansi zopepuka pamwamba, zonse ziwiri zithere limodzi. Zolemera zikhale pakati, osati kuunjika kumchira, mbali zonse zifanane, chifukwa zitunda za kwathu kuno ndi makona ake sizikhululuka. Makilo olembedwa pa buku la galimoto ndiye 600 wanu, musamaonjezerepo poti dalaivala wati imanyamula, pa sikelo ndi pa tayala lophulika mulipira nokha. Komanso ganizani za kotsitsa: wotsikira ku Moatize katundu wake akwere kumapeto, wa mu Tete mwenimweni, kaya ku msika wa Kwachena, akwere poyamba. Ndinakwerapo lole ina yomwe tinatsitsa pafupifupi theka la katundu padzuwa la ku Moatize lija kuti tipeze matumba anayi a munthu mmodzi ali pansi penipeni, ma ajudante, anyamata othandiza pa lole, akutukwana chamumtima. Pamenepo lamulo la zazikulu poyamba ligonje, kotsikira kutsogole, kenako pakati pa otsikira malo amodzi ndi pomwe muyambe ndi zazikulu.

Pang'ono za zozungulira, poti wina anandifunsa za tomato ndi malalanje. Kaunjikidwe ka amayi pamsika, mzere wapamwamba kukhala mmipata ya wapansi, Johannes Kepler ananena mu 1611 kuti palibe koposa pamenepo, kamadzaza pafupifupi 74 pa 100 ya malo, ndipo zinatenga mpaka 1998 kuti Thomas Hales atsimikize mothandizidwa ndi kompyuta. Mukangokhuthulira mipira yofanana mchotengera n'kugwedeza imathera cha mma 64. Koma tomato si mpira wachitsulo, wothina kwambiri afika ali supu.

Kwa amene ntchito yakula, zidutswa mazana, kapena kalipentala amene akudula mabolodi mulitali ndi mulifupi, pepala litopetsa. Pa bolodi lamulo ndi lomwelo koma muzidula mmizere, zidutswa zofanana mulifupi mzere umodzi, macheka adutse kuchokera uku mpaka uko, ndipo muone kaye ngati chidutswa chikuloledwa kutembenuzidwa chifukwa cha mizere ya thabwa. Nkhani ya matabwayi ndi yakale mu masamu, Leonid Kantorovich ku Leningrad anayamba zonsezi kampani ya plywood itamufunsa mmene ingagawire ntchito pa makina ake, analemba mu 1939, ndipo mu 1975 analandira Nobel ya zachuma. Mu 1961 Paul Gilmore ndi Ralph Gomory anapeza njira yomwe mafakitale a mapepala ndi zitsulo amadalira, yoti musaganize za chidutswa chimodzichimodzi koma za kadulidwe ka chitsulo chathunthu, ngati 340 ndi 240 uja, n'kufunsa kuti kadulidwe kalikonse kabwerezedwe kangati. Olo opanda kompyuta nzeru imeneyi imagwira, mukakhala ndi mawindo 20 ofanana pezani madulidwe atatu kapena anayi osataya kwambiri, alembeni pakhoma ndi choko, anyamata azingobwereza.

Muli ndi laputopu, Excel ili ndi Solver, kachida kosakira yankho labwino koposa, imabwera yobisika muyitsegule mu ma add-in, imalola zosadziwika mpaka 200, zokwanira pa shedi. LibreOffice Calc ndi yaulere nayonso ili ndi yake. Amene mukuphunzira Python, kaya ku ISPT, sukulu yaukachenjede ya ku Tete, kaya panokha pa foni, lembani kaye First Fit Decreasing ndi manja anu, siyidutsa mizere 15, muyiyese pa zitsanzo ziwiri za zitsulo zili pamwambazi muone ikupereka 4 ndi 3, kenako mutenge OR-Tools, pulogalamu ya Google yothetsera mavuto oterewa, yaulere, muyipatse chachiwiricho muone ikupeza 2. Ndipo ngati mukusaka nkhani ya pulojekiti yomalizira sukulu, musakopere za pa intaneti, pitani kwa owotcherera kapena kwa a malole ndi kope, mulembe miyezo yawo ya mwezi umodzi, muwerengere zomwe anagula ndi zomwe zikanakwana.

Zotsala zija musazitaye mwachisawawa, chilichonse chopitirira theka la mita chiyezeni mulembe pachokha ndi choko muyimike pakhoma malinga ndi kutalika, ndipo ntchito yatsopano ikabwera zimenezo ndiye zotengera zanu zoyamba, chidutswa chilichonse muchiyese kaye pa chotsala chachifupi chomwe chingakwane musanakhudze chatsopano. Malume ndinawalembera zonsezi pa katoni ya sopo, anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti aphwanga, zoyamba ndi zazikulu ndinkazidziwa kale, agogo ako ankatero pomanga nkhokwe. Ndinati nanga mulu uwo malume? Anati umenewo ndi wa anyamatawa. Katoni ija anaikhomera pa msomali pafupi ndi galayinda, ndipo pa geti la sabata yatha mwana wa njinga uja sanatumidwe.